Mbuzi Yomwe Ndinakana Kupha

Mukafika ku Sangilo musavutike ndi dzina langa la ubatizo. Ngakhale abusa amene anandithira madziwo amayamba akanda m'mutu. Ingofunsani kuti kwa a Nkhanu n'kuti. Mwana aliyense akulozerani nyumba ya malata ofiira, pomwe pamangidwa mbuzi yonenepa kuposa mwini wake. Dzinalo ndinalitenga ku Sikotilandi. Anzathu amabwerako ndi madigiri, ine ndinabwerako ndi dzina la kanthu koyenda chammbali.

Sukulu ndinalekezera Fomu 2, ukonde wa adada utasowa wokoka. Koma matenda owerenga sanandichoke. Ndawerengapo mabuku othothoka kumutu ndi kumchira, nyuzipepala zokulungira usipa, ngakhale kapepala ka m'bokosi la mankhwala a njoka zam'mimba. Choncho a mpingo atafuna anthu awiri a m'boma la Karonga oti akaphunzire ulimi wa nsomba kunja, akuluakulu anati, "Tumizani uja amalankhula yekha Chizungu m'bwato." Wachiwiri anali Lusekelo wa ku Kayelekera. Ankayendetsa galimoto kumgodi usanatsekedwe, kenako anayamba kukumba madamu a nsomba kumapiri kwawoko.

Tinakumana koyamba pa depoti ya Karonga tsiku lonyamuka. Ine anandiperekeza mkazi wanga NyaGondwe ndi mwana wathu Temwa, yemwe ankangofunsa ngati m'ndege muli chimbudzi. Lusekelo anabwera ndi amayi ake, mayi wamfupi wa maso akuthwa. Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Mwanangu, mukasungane," anatero m'Chichewa chawo cholemera ndi Chinkhonde. "Kuchilendo m'bale wako ndi amene wakwera naye basi imodzi."

Ndinavomera ndi mtima wonse. Ndipo tinasunganadi, poyamba.

Koleji yathu inali m'katauni ka m'mbali mwa nyanja ya mchere, komwe mvula imagwa ngati ili pa ganyu. M'mawa tinkakhala m'kalasi. Masana tinkavala majombo n'kulowa m'fakitale kukatumbula nsomba zazikulu ngati mwana woyamwa, zoweta m'makola a m'madzi, zodya pa nthawi yake ngati odwala m'chipatala. Zala zinkauma ndi kuzizira mpaka mpeni unkaugwira osaumva. Zimene tinkapeza m'menemo ndi zomwe zinagula malata ofiira aja. Chipinda chinali chimodzi, ine ndi Lusekelo. Iye ankandimeta, ine ndinkamuwerengera zolemba za aphunzitsi mokweza chifukwa akawerenga yekha ankagona. Tikapeza nthochi zaziwisi kusitolo ya amwenye tinkaphika mbalagha, nthochi zophikira pamodzi ndi nyama ngati kwathu, n'kumadya titatseka chitseko kuti fungo lisatithawe. Nditadwala chifuwa anandifunditsa jekete lake. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti amene anandiluma sanali galu wa eni.

Panali mphunzitsi wina, mayi Morag, amene Loweruka lililonse ankasonkhanitsa ophunzira kupita nawo kutchire. Kwathu munthu amakwera phiri akafuna nkhuni kapena akamathawa ngongole ya mowa. Kumeneko amakwera kuti akaone pamwamba, n'kutsikanso chimanjamanja. Tinagona m'matenti m'zigwa zopanda mtengo ndi umodzi womwe. Tinawoloka mitsinje madzi ake oluma mafupa. Tinalumidwa ndi tizilombo tofanana ndi nkhungu za kunyanja kwathu. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu nkhungu timadya ndife, kumeneko zimadya anthu. Zonsezi ndinapirira, ndipo zina ndinazikonda ndithu.

Kenako linafika tsiku la phiri lalitali.

Ine phiri ndimalidziwa ngati chinthu chomwe dzuwa limakabisala kuseri kwake. Ndinali nditawerenga buku lonse la anthu okwera mapiri, choncho ndinkadziona ngati katswiri. Pokwera zinayenda bwino. Koma pamwamba njira inasanduka msana wa mpeni, uku phompho, uku phompho, mphepo ikukankha ngati kondakitala wa minibasi. Ndinayang'ana pansi kamodzi kokha. Nkhosa zinkaoneka ngati mpunga wotayika. Miyendo yanga inati, "Akulu, ife tafika."

Ndinakhala pansi. Mayi Morag anandinyengerera ngati mwana wokana phala, koma kuimirira kunakanika. Ndinatsika phiri lonselo ndi matako ndi manja, chammbali, ndikuimba nyimbo ya pamaliro ya Chitumbuka. Thalauzi linang'ambika kumbuyo pamwala wina. Lusekelo, mwana wa kumapiri, ankadumpha miyala ngati mbuzi, foni ili m'manja. Ndinkaganiza kuti akufunafuna netiweki kuti aitane chithandizo.

Ndisanavule n'komwe nsapato, vidiyo inali itafika ku Karonga. Anaiponya pa gulu la pafoni la anthu akwathu, mawu ake akumveka bwinobwino pamwamba pa nyimbo yanga: "Onani nkhanu ya ku Sangilo yasochera kuphiri! Ikufuna kwawo kumadzi!"

Lolemba lake NyaGondwe anaimba.

"Bambo a Temwa, mwatani kumeneko?"

"Ndakwera phiri."

"Taona. Msika wonse waona. Mwana wanu wabwerako kusukulu akulira. Anzake akumutsatira akuyenda chammbali. Akuti mawa sapitako."

"Nanga adada?"

"Lero sanapite kugombe kukasoka ukonde. Akuti mutu."

Adada mutu sunawapwetekepo chibadwire. Ndi munthu amene anapulumuka mphepo ya mwera kangapo, amene akalankhula pagombe anyamata amazimitsa wailesi. Tsopano ankabisala m'nyumba chifukwa cha matako a mwana wawo.

Ndinamufunsa Lusekelo akupaka batala pa buledi.

"Iwe, wandichita chiyani?"

"Aa, mnyane, mnzanga iwe, ndi nthabwala chabe! Waona mmene anthu akusekera? Yafika mpaka ku Joni. Watchuka iwe, uzindithokoza."

"Mwana wanga wasiya sukulu."

"Ana amaiwala msanga. Tadya buledi."

Ndinadya bulediyo. Sindinakalipe, sindinaswe mbale. Ndinangomuyang'ana akutafuna, n'kunena mumtima kuti, mwana wa ku Kayelekera, dziko si mapiri okhaokha.

Nyengo yonse yozizira ndinamusunga bwino kuposa kale. Ndinkamuphikira ngati munthu wonenepetsa nkhuku ya Khirisimasi. Ndipo ndinkamuyang'anitsitsa. Ndinaona kuti ikafika nthawi yake yopita pa boti kukadyetsa nsomba kumakola, ankasinthana ndi wina, kapena m'mimba munkamupweteka. Tikamawoloka mlatho ankayenda pakati penipeni. Munthu wokumba madamu, koma madzi opitirira m'mawondo ankawaopa ngati apongozi. Ndinafuna chinthu chimodzi basi: vidiyo yake, akulira, kuti Temwa akaionetse kusukulu.

Dzuwa litabwerera m'dzikomo ndinatchera msampha. Lusekelo ankafunsira namwino wina wa pa boma, ndipo ankamutumizira zithunzi tsiku ndi tsiku.

"Pali kachilumba apo," ndinatero, "komwe kumagona nyama zija zonga agalu onenepa opanda miyendo. Tangoganiza chithunzi: iwe uli pakati pa nyanja ya mchere, nyama zili kumbuyo. Ku Kayelekera alipo anajambulitsapo chotero?"

"Patali bwanji?"

"Pafupi. Ukhoza kuponyapo mwala."

"Mwala wa ndani?"

"Ngati ukuopa, nena. Ndimuuza namwino kuti unali ndi m'mimba."

Anavala shati yake yabwino.

Kabwato tinabwereka kwa mkulu wina wosamalira hositelo yathu. Anatipatsa majekete oyandamitsa, n'kutichenjeza kuti tibwerere madzi asanayambe kukwera. Ndinamva ndithu. Za kukwera ndi kutsika kwa nyanja ya mchere ndinali nditaziwerenganso m'buku la jogalafe lopanda chikuto. Koma ndinaziwerenga ngati mmene timawerengera za kumwamba: zoona, koma si za lero. Ndinaseka mumtima kuti mzungu woweta nkhosa angaphunzitse chiyani za madzi mwana wa ku Sangilo?

Popita ndinagwedeza bwato dala kangapo. Lusekelo anauma gwa, atagwira m'mbali, milomo itatuwa, koma sanalire. Ndinati palibe kanthu, pobwerera ndiwonjezera. Kachilumbako kanali kamchenga ndi miyala yathyathyathya. Ndinakokera bwato pamtunda monga timachitira kwathu, mikono iwiri kuchoka pamadzi. Ku Sangilo bwato ukalisiya potero, ukalipeza pomwepo ngakhale upite ku Mzuzu n'kubwerako. Nyanja yathu ikafuna kukwera imadikira mvula, imatenga miyezi, imachenjeza ngati munthu waulemu. Kunkatentha, choncho majekete aja tinawavula n'kuwaponya m'bwatomo. Tinazungulira kuseri kukajambula nyama zija.

Lusekelo anajambulitsa ataimirira, atakhala, atagona chammbali dzanja lili pachibwano. Ine ndinkangodina foni yake, ndikusunga batire la foni yanga. Titabwerera, pomwe panali mchenga panali madzi. Bwato linali uko, likupita lokha mwaulemu, majekete athu ali m'kati ngati mabwana.

"Bwato lili kuti?" anafunsa Lusekelo, akuliona.

"Lapita kokayenda."

"Usaseke, iwe! Imba foni!"

Netiweki kunalibe, phiri linatchinga. Ndinayang'ana pansi. Ndere zam'nyanja zinali zitakuta miyala yonse mpaka pamwamba penipeni pa kachilumbako, zonyowa. Apo m'pamene buku la jogalafe linatseguka lokha m'mutu mwanga. Chilumba chimenechi sichinali chilumba. Chinali pansi pa nyanja pomwe panangotuluka kudzaothera dzuwa.

Nditamuuza, Lusekelo anagwada pamwala. Anayamba kuitana amayi ake m'Chinkhonde, kenako Yesu m'Chichewa, kenako mayi Morag m'Chizungu. Mamina ndi misozi zinakumana pa shati yabwino ija. Abale anga, mundiweruze mmene mungafunire. Ndinatulutsa foni.

"Kweza mawu, mnyane. Ku Sangilo sakumva."

"Tifa, iwe! Tifa!"

"Tayang'ana kuno. Nena dzina lako ndi mudzi."

Inali vidiyo yokongola. Dzuwa linali kumbuyo kwanga monga amalangizira m'mabuku. Ndinajambula mpaka madzi anandigwira akakolo, kuzizira kwake n'kundikumbutsa kuti nanenso ndili pomwepo. Kumtunda kunali pafupi moti kwathu mkazi ataima pagombe akhoza kukukalipira uli m'bwato, iwe n'kumva mawu onse. Ndekha ndikanasambira mosavuta. Ndinamuyang'ana Lusekelo. Musaganize kuti chifundo chinandigwira. Ndinangoona kuti munthu wakufa sachita manyazi. Ndinkamufuna wamoyo.

"Vula nsapato. Ugone chagada pamadzi, ine ndikugwira kolala. Usandigwire khosi. Wamva?"

"Ndamva."

Titangolowa anandigwira khosi. Tinamira tonse, ndinamwa mchere wokwana kufutsira usipa wa chaka. Msodzi aliyense amadziwa kuti munthu womira umayamba wamupatsa khofi kuti manja ake akumasule. Ndinamupatsa awiri. Loyamba linali la m'malamulo.

Madzi amenewo sanali madzi, anali mipeni. Ndinasambira ndi dzanja limodzi, linalo lili pa kolala, mafunde akutikankhira kumbali. Ndinazindikira ndili pakati kuti ndikuyenda chammbali ndithu, ngati dzina langa. Miyendo inayamba kulemera, mpweya ukulowa pang'onopang'ono ngati wobwereka. Chimene chinandifikitsa kumtunda si pemphero ayi. Ndinkangoganiza za foni ili m'thumba, ndi nkhope ya Temwa akuionetsa anzake. Bondo langa litagunda mwala, ndinamubereka Lusekelo kumsana n'kukwawa naye pa ndere zoterera mpaka pa udzu. Mayi wina woyenda ndi galu anatipeza tikunjenjemera ngati makina a chigayo. Anatifunditsa mabulangete, n'kuitana ambulansi.

Foni inafa. Ndinaikwirira mumpunga monga amanenera. Mwina mpunga wa kwathu ku Karonga ukanaiukitsa, koma wa kumeneko ndi wopanda fungo, wopanda mphamvu. Vidiyo yanga inapita ndi mchere. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira paphiri, anamwino n'kumati ndi mantha a ngoziyo.

Lusekelo anandiitana ali pabedi loyandikana nalo.

"Mnyane, izi zisakafike kunyumba. Chonde."

"Ndikulumbira," ndinatero, "sindidzakuseka pamaso pa munthu aliyense."

Anagona mwamtendere. Sanamvetsere bwino zimene ndinalumbira.

Titabwerera kumudzi ndinapeza dzina langa litandidikira pa siteji. "A Nkhanu afika!" anakuwa makondakitala, wina n'kunditengera chikwama akuyenda chammbali. Temwa anali atatalika, ndipo sukulu anabwererako, koma tikamayenda pamsewu ankatsalira dala kumbuyo ngati sakundidziwa. Adada anali ataonda. Ukonde ankasokera kuseri kwa nyumba, okha. Uku ndinkamva kuti Lusekelo ali pa boma akusimba mmene anawolokera nyanja ya mchere pa kabwato, namwino uja akumwetulira pambali pake.

Tsono kwathu kuno pali mwambo. Munthu akapulumuka pangozi, amene wamva amapita kwa makolo ake kukapepesa, kukanena kuti tamva zimene zinaonekera mwana wanu. Wosapita amaoneka ngati ankafuna kuti afe. Ine ndine munthu wa mwambo. Ndinagula nkhuku. Ndinapempha akulu a mpingo awiri ndi amayi angapo oimba bwino kuti andiperekeze, pakuti nkhani yaikulu sayenda nayo munthu mmodzi. NyaGondwe anavala chitenje chake chatsopano osafunsa funso, koma m'maso mwake munkaseka. Tinakwera lole ya ku Kayelekera.

Tinapeza banja lonse lilipo, Lusekelo yemwe. Atationa nkhope yake inachita ngati paja pachilumba. Anatiyalira mphasa. Ndinagwada pamaso pa amayi ake ndi abambo ake aang'ono, omwe ndiwo mutu wa banjalo, n'kuika nkhuku pansi.

"Phepani, amama. Phepani, adada. Tachedwa kubwera, mutikhululukire. Tabwera kudzapepesa pa zimene zinaonekera mwana wanu m'nyanja ya azungu."

"Zinamuonekera zotani?" anafunsa mayiwo.

Ndinachita ngati ndadabwa. Kenako ndinasimba zonse, nkhope ili pansi, mawu achisoni ngati a pamaliro. Sindinaseke ngakhale pang'ono. Ndinanena mmene anagwadira pamwala, mmene anaitanira dzina la amayi ake mpaka mawu kusasa. Amayi a mpingo anayamba nyimbo chapansipansi. Mayi ake analira, kenako anasiya mwadzidzidzi n'kutembenukira mwana wawo.

"Iwe. Imfa inakunyambita, ine osandiuza?"

"Amama, iyeyu ndi amene anasiya bwato molakwika!"

"Zoona zimenezo," ndinavomera. "Ndine wopusa, adada. Ndinayesa nyanja ya eni ngati ya kwathu."

Bambo aang'ono aja anagogoda ndodo pansi. "Wopusayo ndi amene anakubereka kumsana. Ochenjera anali kuti? Munthu wakuchotsa m'kamwa mwa imfa, ife takhala phee osakagwada pakhomo pa bambo ake, mpaka iye ndi amene watiyambira ndi nkhuku! Watidyetsa manyazi, Lusekelo."

Apo NyaGondwe anatsokomola mwaulemu. "Kapena anatanganidwa ndi kujambula, adada. Amajambula bwino mwana wanu." Anatulutsa foni yake n'kuwaonetsa vidiyo ya phiri ija, yomwe akuluakuluwo anali asanaione. Anaionera mpaka kumapeto. Palibe anaseka. Mayi ake anangoti, "Ndinati mukasungane."

A kwa Lusekelo anabwera Loweruka lotsatira, m'mawa, nthawi yomwe mabwato afika ndipo gombe ladzaza ndi ogula usipa. Anatsika lole ndi mbuzi yaikazi ndi thumba la mpunga. Ine ndinati mwambo uchitikire kugombe, chifukwa kunyumba n'kopanikiza. Adada anavala jekete lawo la kutchalitchi, n'kukhala pa bwato lovundikira. Mwambo umati wopulumutsidwayo anene yekha ndi pakamwa pake chimene anachitiridwa. Lusekelo anagwada pamchenga, gombe lonse litazungulira.

"Ndinatsala pang'ono kumira," ananong'ona. "Mwana wanu anandipulumutsa."

Adada anaika dzanja kukhutu. Makutu awo amamva nsomba ikutembenuka pansi pa nyanja.

"Ukuti bwanji, mwanangu? Ndakalamba ine. Kweza."

Anakweza.

"Anakunyamula bwanji?"

"Kumsana."

"Kumsana kwa ndani?"

"Kwa a Nkhanu."

Gombe linaphulika. Amayi ogula usipa anagwirana mapewa, wina anagwera m'beseni. Msodzi wina anakuwa kuti, "Katundu wa Nkhanu!" ndipo dzinalo linamumatirira pomwepo ngati phula. Ine sindinaseke. Ndinalumbira, ndipo ndimasunga malumbiro. Ndinangoyang'ana Temwa, yemwe anadutsa pakati pa anthu, n'kulandira chingwe cha mbuzi m'manja mwa Lusekelo, n'kudzaima pambali panga penipeni. Mawa lake adada anabwerera kugombe ndi ukonde wawo, anyamata n'kuzimitsa wailesi.

Mbuzi yothokozera imayenera kuphedwa, anthu adye, nkhani ithe. Ine ndinaimanga pakhomo, mbali ya kumsewu. Aliyense wodutsa amafunsa kuti mbuzi yokongola chotere ndinaipeza kuti, ndipo munthu akafunsa mwaulemu sungamunamize. Yaswa kangapo tsopano. Mwana wake mmodzi ndinapereka ku Chilumba, wina ku Uliwa, wina kwa mnzanga wogulitsa nsalu pamsika wa pa boma, pafupi ndi pomwe namwino uja, yemwe pano ndi mkazi wa Lusekelo, amagula matimati. Kamwana kalikonse kamapita ndi mbiri ya mayi wake.

Mwezi wathawu Lusekelo anaima pakhomo panga pa njinga yamoto. Anaiyang'ana mbuziyo, nayo inamuyang'ana ikutafuna.

"Mnyane, ipha mbuzi iyi. Ndigula mowa ndine. Zaka zapita."

"Vidiyo ija yafa?"

"Ukudziwa kuti zimene zalowa m'mafoni sizifa."

"Tsono ukufuniranji kuti yanga ife?"

Abusa nawo anandiitana kundikumbutsa za kukhululuka. Ndinawauza kuti ndidzakhululuka ndithu, ndi mtima wonse, tsiku lomwe mbuziyi idzafe yokha ndi ukalamba. Anati zimenezo n'zomveka. Sindinawauze kuti ndapeza kabuku ka alangizi a ziweto, kothothoka kumapeto koma koyambirira kuli bwino, komwe kakufotokoza mmene mbuzi ingakhalire ndi moyo wautali. Ndikukawerenga mosamala kuposa mmene ndinawerengera jogalafe uja. Lachiwiri ndikupita nayo kukabayitsa katemera.